Kamphaka Kamene Ndinatola M'ngalande ya Tiyi

Anzanga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, ndipo sindithirako mchere. Inandichitikira ine mwini, masanasana dzuwa likuswa mtengo. Maina sinditchula, chifukwa ambiri mwa anthu ake anatsogola kale, sibwino kuwadzutsa.

Inali nthawi ya thangata, ine ndi amuna anga titangofika kumene ku Thyolo kuno kuchokera kwa Apwitikizi. Anatilola kumanga kanyumba pa esiteti ina ya tiyi cha kufupi ndi kwa Mphuka, malipiro a malowo n'kugwira ntchito m'munda wa mzungu. Chaka chomwecho mwana wanga woyamba anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo ndinkangopita kuntchito thupi lokha, osalankhula ndi munthu.

Tsiku lina m'nyengo ya chiperoni, tikupalira m'mizere ya tiyi, ndinamva kanthu kakulira m'ngalande. Nditasuzumira ndinapeza kamwana ka mphaka, konyowa, maso atangotseguka kumene, abale ake awiri atauma kale pambali pake nyerere zikuwadya. Mwina anali a mphaka wa kunyumba kwa mzungu, wina atatumidwa kukawataya, ndani akudziwa? Ndinakatola n'kukalonga pachifuwa, m'kati mwa nsalu, mpaka kuweruka.

Amuna anga atakaona anati ndikudzivutitsa chabe, sikafika mawa. Koma kunali bambo wina wachisilamu woweta mbuzi m'mbali mwa msewu, amene atamva nkhani yanga anandikamira mkaka m'chikho, nandiuza kuti ndiziusungunula ndi madzi owiritsa, uzikhala wofunda ngati thupi la munthu. Ndinkaviika kansanza mumkakamo, iko n'kumayamwa. Kanafufuma mimba mpaka ndinaganiza kuti kapita, ndiye ndinakumbukira mmene galu amanyambitira ana ake, ndinayamba kukasisita kumimba ndi kansalu kofunda kakatha kumwa, ndipo kanayamba kudzithandiza. Nthata ndinkachotsa ndi zala, imodziimodzi. Poti panalibe wokasiyira, ndinkapita nako kuntchito, kali m'nsalu. Mano atamera ndinayamba kukatafunira matemba, ndipo posakhalitsa kanayamba kuthamangitsa ziwala pabwalo, ubweya uli see. Tsiku limene kanagwera m'lichero la ufa n'kutulukamo koyera mbuu, ndinaseka koyamba chimwalirire mwana wanga.

Koma pakamwa pa anthu mukupadziwa. Nyumba yoyandikana nafe inali ya a kapitao, ndipo akazi awo anayamba kuuza anthu kumtsinje kuti mkazi wobereka mphaka ngati khanda si wabwino, mwina mwana wake uja sanafe, anachita kumusandutsa. Amuna anga anachita mantha, chifukwa masiku amenewo a kapitao akangokunenera kwa mzungu, nyumba yako inkagwetsedwa, iwe n'kuyamba ulendo. Anandichonderera kuti ndikakataye kutali. Ndinangoti, “Bambo, ndaika kale mmodzi m'manda, uyu musandiuze kuti ndimutaye ndekha.” Sanayambitsenso nkhaniyo.

Mulungu si munthu, chaka chotsatira ndinabereka mwana wamkazi. Apo n'kuti mphaka uja atakula, wamphongo, wonenepa bwino, makoswe atatheratu m'nyumba. Akazi a a kapitao anapitiriza kunena kuti tsiku lina adzamugonera mwanayo pamphuno. Ine ndinkangomva.

Tsiku lake linali la Mulungu, m'chilimwe, titabwera kutchalitchi. Amuna anga anali atapita kukazonda wodwala, mwana ndinamugoneka pamphasa m'nyumba, ine ndili panja kuyanika makaka a chinangwa. Pangodya ya nyumbayo, kuseri kwa nkhuni, nkhuku inali kukhalira mazira. Ndinamva nkhukuyo ikutuluka mothamanga ikukuwa, kenaka mphaka analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kochokera pansi pa mimba, ngati si mphaka. Nditafika pakhomo ndinaima. Njoka yaikulu, ija yofutukula khosi n'kumalavulira m'maso, inali itaimika mutu pakati pa ine ndi mphasa, ndipo mwana anali atadzuka, akukwawa kuilondola, akuseka, kadzanja katatambasulidwa. Ndikanalowa ikanandiluma kapena kutembenukira mwana, ndikanaima mwana akanaigwira yekha.

Mphaka anali kumbali, msana utapindika, ubweya uli nyankhalala. Njoka ikati itembenukire mwana, iye ankaimenya kumchira n'kudumphira kumbuyo, iyo n'kutembenukira iye. Anachita choncho kambirimbiri, akubwerera pang'onopang'ono kulowera kunkhuni kuja, njoka ikumutsata. Kenaka inamulavulira kumaso. Analira, koma sanathawe, anailumphira n'kuigwira pakhosi, zonse ziwiri n'kumagubuduzika pansi. Pamenepo m'pamene ndinapeza mpata. Ndinalowa, n'kugwira mwana mwendo, n'kumukokera panja ngati mtolo, ndipo ndinakuwa kuitana anthu.

Woyamba kufika anali akazi a a kapitao omwe aja, musi uli m'manja poti ankasinja. Sanafunse kanthu, anangolowa, ndipo ndinamva musi ukugunda pansi. Anatuluka akukoka njokayo, naiponya pabwalo, natenga mwana m'manja mwanga n'kumuvula, kumuyang'ana thupi lonse. Analibe bala ngakhale limodzi. Atatero anandifunsa kuti mphaka ali kuti.

Tinamupeza pansi pa nkhokwe akudzikanda kumaso, zikope zitatupa. Mayiwo anamukulunga m'nsalu yawo yakutchalitchi kuti asatikande, nandiuza kuti mankhwala a malovu a njoka imeneyi ndi kutsuka msanga ndi mkaka. Mbuzi zinali kutali. Anandiyang'ana pachifuwa nati, “Amake mwana, mukudikira chiyani?” Ndinamukamira mkaka wanga m'maso, iwo atamugwira, kenaka tinatsukanso ndi madzi ambiri, misozi yanga ikugwera pomwepo.

Mphakayo anakhala masiku osadya, ali kumdima, ndipo ndinkamumwetsa msuzi wa matemba ndi chala. Matembawo ankabwera nawo ndi mayi aja, atawakulunga m'tsamba la nthochi. Kupepesa sanapepese, nanenso sindinawafunse, koma nkhani ya kumtsinje ija inafera pomwepo. Diso limodzi linachira, lina linachita ng'ala mpaka kalekale. Amuna anga, amene kale ankamupirikitsa akayandikira mbale, anayamba kumupatulira ndiwo iwo asanadye. Mphaka uja anakhala nafe zaka zambiri, anafa ndi ukalamba mwana uja atayamba kale kutchola nawo tiyi, ndipo amuna anga anamukumbira dzenje pansi pa mtengo wa mapeyala.

Ena amati mphaka aliyense amalimbana ndi njoka, palibe chodabwitsa. Mwina n'zoona. Koma ine ndinaona ndi maso anga kuti khomo linali pululu, akanatha kuthawa monga inathawira nkhuku, koma sanathawe. Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandichitira chifundo kudzera mwa nyama imeneyo, ndipo ndimathokoza mpaka lero, pamodzi ndi bambo wa mbuzi uja ndi mayi wa musi. Tsono inu amayi a makanda, ndikupempheni: m'chilimwe musalole nkhuku kukhalira mazira m'nyumba yogona mwana, nkhuni muziunjika panja, ndipo mukamva chiweto chanu chikulira kulira kwachilendo, siyani chimene mwagwira, thamangani mukaone.