Matayala Awiri a Mano

Ndinayendetsa galimoto za boma mpaka kumera imvi. Ntchito ndiyo inandichotsa kwathu ku Dowa n'kundibweretsa ku Rumphi, ndipo ndinakwatira konkuno, mkazi wa kufupi ndi Kazuni. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma za galimoto palibe anandiuzapo kawiri. Nditapuma ntchito, zipani zitachuluka kale, ndinagula pikapu yakale n'kuyamba matola.

Pikapuyo inkapalasa ndi matayala akumbuyo okha. Masiku ambiri ndinkayenda pa tala, kuchoka pa boma, kudutsa pa Njakwa, mpaka ku Mzuzu. Masiku ena ndinkalowa msewu wafumbi wa ku Kazuni. Chilimwe msewu umenewo ndi fumbi chabe. Dzinja ndi phala.

Matayala ndinakagula ku Mzuzu, mkazi wanga ali nane. Wogulitsa anali munthu wa pakamwa. Anandiimikira mitundu itatu: osalala a pa tala, apakatikati, ndi ena a mano akuluakulu ngati a thirakitala.

“Madala, inu ndinu a tala kapena a matope?” anandifunsa.

“Zonse,” ndinatero.

“Ndiye tengani apakatiwa. Kulikonse amayesetsa.”

“Woyesetsa kulikonse sapambana paliponse.”

“Koma a manowa tala imawadya ngati chimanga chowotcha, madala. Miyezi yochepa mubwera muli ndi zibwano zokha.”

Ndinawerama pa tayala la mano. Ndinapisa chala pakati pa mano, chinalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. Ndinakanikiza m'mbali ndi bondo, tayala silinagonje. Mipata ya mano inali yotakata, yoti matope azitayika okha tayala likamazungulira. Thumba langa linkakwana apakati anayi, kapena a mano awiri ndi malimu ake.

“Bambo, tengani anayiwo muvale muiwale,” anatero mkazi wanga. “Inu ndimakudziwani. Awiriwo muziwalera ngati ana.”

“Za kumunda sindikulangizani, mayi.”

Ndinatenga a mano.

Kuti tala isawadye, ndinkawasunga. Ankakhala mu sitolo pa matabwa, atafundidwa masaka. Dzinja ndikamapita ku Kazuni ndinkawakweza kumbuyo, n'kuyenda ndi osalala amene ndinali nawo kale mpaka pa thanthwe lina la m'mbali mwa msewu, ukangopatuka wa ku Bolero. Pamenepo pansi ndi polimba, jeki imaima bwino. Ndinkatsitsa anthu, kumasula, kuvala a mano, n'kupitirira. Pobwerera chimodzimodzi. Anthu ankadandaula ndipo malowo anawatcha pagalaja pa madala. Ine sindinkasamala. Madzinja anayi anadutsa, mano ali ngati atsopano. Anzanga a matola anali atasintha matayala kangapo. Ndinkanyada nazo.

Dzinja lachisanu mkazi wanga anapita kwawo kukabandira chimanga m'munda umene makolo ake anamusiyira. Mmawa wina ndili pa Njakwa kudikira anthu, foni inalira. Mafoni anali atangofika kumene. Woimbayo anali mphunzitsi wa kumudzi kwa mkazi wanga, amene ankachita kukwera pachulu kuti amveke.

“Adada, bwerani msanga. Amama yawaluma mphiri m'munda. Mwendo ukutupa.”

Ndinatsitsa anthu atatu amene anali atakwera kale. Ndinafika kunyumba pa boma, ndinaponya matayala aja kumbuyo pamodzi ndi jeki, sipanala ndi khasu. Sindinatseke ndi chitseko chomwe.

Dzuwa linali likuwala. Msewu unali wouma. Nditafika pathanthwe paja ndinachotsa phazi pa moto, galimoto inatsala pang'ono kuima.

Anthu onse ndinawauza kuti ndinapitirira chifukwa cha changu. Si zoona. Masiku amenewo chisankho chinali pafupi, ndipo pa msewu wa kutsogolo kwa thanthwelo anali atathirapo miyala yatsopano, yosongoka, yosapsinja. Ndinaiona miyalayo. Mumtima ndinati idula mano. Ndinati ndikavala kutsogolo, pofika ku dambo, pali kamtunda kouma. Mkazi wanga ali gone ndi ululu wa njoka m'mwendo, ine ndinaganiza za mano a matayala. Ganizolo silinatenge nthawi yoposa kumeza malovu, koma ndinaliganiza, ndipo ndinaponda moto.

Kamtunda kaja sindinakafike. Mvula inali itagwa kumapiri mmawa womwewo, ndipo madzi anadula msewu pamalo pamene sindinaonepo matope chiyambire. Ndinatulukira pa kona ndili pa liwiro. Galimoto inaterera, kumbuyo kunapita kumanzere, n'kukhala pansi. Ndinaika giya yoyamba, matayala anangolira. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo, anakumba. Ndinazimitsa injini. Dzuwa linali pamutu.

Ndinatsika, matope anandifika m'maondo. Ndinaika jeki n'kuyamba kupukusa. M'malo moti galimoto ikwere, jeki ndiyo inkalowa pansi. Ndinaifukula ndi manja, ndinaika mwala, mwala unamira. Ndinaika wina pamwamba pake, unamiranso. Ndinathyola nthambi, ndinayala, zinamira. Dalaivala aliyense amadziwa kuti m'matope savaliramo tayala. Ine ndinkaphunzitsa anthu zimenezo.

Matayala a mano anali kumbuyoko, oyera, akundiyang'ana.

Ndinayesa foni, panalibe netiweki. Ndinakuwa. Sindinakuwepo pamsewu moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinakuwa ngati mwana wotayika. Patali pang'ono panali chigafa cha fodya, ndipo munatuluka amuna anayi, manja ali akuda ndi utomoni. Wamkulu wawo anali mwini chigafacho, munthu wamfupi wa ndevu. Anandizindikira.

“Si madala a pagalaja awa? Lero galaja yasamukira m'madzi?”

“Mkazi wanga yamuluma njoka ku Kazuni,” ndinatero. “Ndithandizeni. Chonde.”

Kuseka kunathera pomwepo. Mwini chigafa anayankhula mwachangu m'Chitumbuka, awiri anathamanga. Anabwera ndi mitengo itatu ya bulugamu imene anazula pa chigafa, fodya ali pomwepo. Iye anapita kunyumba kwake n'kubwera atasenza chitseko cha khitchini. Tinakumba ndi khasu pansi pa galimoto, tinalowetsa chitseko, jeki pamwamba. Chitseko chinalira, chinapindika, koma chinagwira. Mbali imodzi inakwera pang'ono.

Manati anali odzaza matope. Sipanala inkaterera. Inandisupula khungu pa zala, sindinamve. Nati imodzi inagwera m'matope ndipo tinaifufuza anthu atatu ndi manja, ngati tikugwira milamba. Sitinaipeze. Ndinamanga tayala loyamba ndi manati otsalawo.

Tikusamutsa chitseko kupita mbali inayo, tinamva mabelu a ng'ombe. Inali ngolo, ikuchokera ku Kazuni. Woyendetsa anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Anatopa kudikira.

“Mwachedwa chomene, alamu,” anatero, asanaimitse n'komwe ng'ombe. Anayang'ana tayala lachiwiri lili kumbuyo kwa pikapu. “Mwawanyamula? Nanga nsapato amavala kumutu?”

Ndinapita ku ngolo. Mkazi wanga anagona pa mphasa, mutu uli pa miyendo ya mkazi wa mlamu wangayo. Mwendo wamanzere unali utatupa mpaka pa bondo, wakuda, wonyezimira, matuza ali mbuu. Anali atamumanga ndi mphira pamwamba pa bondo ndi kumutema mphini. Milomo inali youma.

“Mwabwera, bambo,” anatero.

“Ndabwera, mayi.”

“Ndikumva moto.”

“Tikupita pompano.”

Pompano pakewo panatenga nthawi yaitali. Mbali yachiwiri inali yozama. Chitseko chinathyoka pakati, galimoto inabwerera pansi. Ndinakhala m'matope. Mwini chigafa anandigwedeza phewa.

“Adada, dzukani. Tinyamula ndi manja.”

Anthu anali atachuluka, amuna ndi amayi ochokera m'minda. Analowetsa mitengo ya bulugamu pansi pa galimoto, miyala pansi pa mitengo, n'kulendewera kumapeto kwake. Ena anagwira bodi ndi manja. Mlamu wanga ndiye ankawerengera, ndipo atafuula onse anakoka. Kumbuyo kunakwera. Ndinagwada pansi pa chitsulo chogwiridwa ndi manja a anthu, ndinachotsa tayala losalala, ndinalowetsa la mano. Bodi inkatsika pang'onopang'ono pafupi ndi khutu langa.

“Mangani msanga, alamu! Kapena mukufuna mulitsuke kaye?”

Ndinamanga.

Ndinaliza injini, giya yoyamba, moto pang'ono. Mano anagwira. Matope anauluka, galimoto inatuluka kamodzi kokha, osakankhidwa. Ndinakatembenukira pa kamtunda kaja, ndinadutsanso pomwepo ngati palibe kanthu. Matayalawo akanakhala kumapazi kuchokera pathanthwe, bwenzi nthawi imeneyo tili m'chipatala kalekale.

Mkazi wanga tinamugoneka kumbuyo pa mphasa, mlamu wanga ndi mkazi wake atamugwirira. Mwini chigafa ndinamuuza kuti ndidzabwera. Anati, “Yewo, pitani,” n'kumenya bodi. Miyala yosongoka ija ndinaidutsa osaiona. Pathanthwe sindinaime. Tinafika pa chipatala cha pa boma dzuwa litapendeka kwambiri.

Anamulandira mwachangu. Anadula mphira uja, anamuika madzi ndi mankhwala. Mmawa mwake anatitumiza ku Mzuzu. Patapita masiku, dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti moyo aupulumutsa koma mwendo wafa, adula pansi pa bondo. Anandipatsa pepala, ndinasaina. Ndinamufunsa kuti tikanafika masana, mwendowo ukanatsala kodi. Anati mphira unaononga, mphini zinaononga, kuchedwa kunaononga, ndipo iye sangathe kugawa kuti chaononga kwambiri n'chiti. Ndinafuna andiuze kuti ayi. Sananene.

Ndinakhala naye m'chipatala masabata ambiri. Tsiku lina masana, odwala ena atatuluka kukaothera dzuwa, ndinakhala pa mpando pafupi ndi bedi. Bulangete linali lafulati pamene panayenera kukhala phazi.

“Mayi, pathanthwe paja ndinatsala pang'ono kuima,” ndinatero. “Nthawi yovala inalipo. Ndinaopa miyala. Ndinati idula mano.”

Anayang'ana kudenga. Misozi inatsikira m'makutu, iye osaipukuta. Ndinadikira kuti andinyoze, kapena andiuze kuti akatuluka apita kwawo. Zonsezo ndikanavomera.

“Mwauzapo ndani?” anafunsa.

“Palibe.”

“Alongo anga musawauze. Sangadzalowenso m'nyumba mwathu, ndipo ine ndikuwafuna.”

“Ndamva.”

“Munda uja alime iwowo. Mukawauze zimenezo.”

“Ndikawauza.”

Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati msana ukumupweteka, ndimudzutse. Ndinalowetsa mkono pansi pa mapewa ake n'kumukhazika tsonga. Anagwira malaya anga mpaka chizungulire chitatha, kenako anandiuza kuti ndimupatse ndodo zoyendera ayese kuima.