Nyimbo Imene Inamveka Mpaka pa Maliro

Chaka chimene ndinali Fomu 3, achemwali anga anapatsidwa mwayi woimba nyimbo imodzi ndi bandi yeniyeni. Mtsogoleri wa bandiyo, bambo wamfupi wa ku Songani amene ankaliza gitala, anawamva akuimba pa ukwati wina. Mtsikana amene ankaimba m'bandimo anali atangokwatiwa n'kusamuka, ndiye malo ake anali opanda munthu. Mtsogoleriyo anauza achemwali kuti Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni bandi idzaimba pa bwalo la mpira la kwathu ku Likangala, ndipo adzawapatsa nyimbo imodzi. Akadzaimba bwino pamaso pa anthu, malowo ndi awo. Akadzalephera, panali mtsikana wina amene ankadikira.

Kwa milungu itatu m'nyumba mwathu simunamveke nyimbo ina. Achemwali ankaiimba potsuka mbale, pochapa, pochokera ku mpopi. Inali nyimbo yovina, ya mkazi amene akuseka mwamuna wake chifukwa cha ulesi, ndipo ine ndinailoweza yonse ngakhale sindinafune. Lachisanu madzulo ndinalemba m'kope langa kuti mawa moyo wa achemwali usintha, ndipo ndinalemba mzere pansi pa mawuwo kawiri.

Nyumba yathu ndi yoyandikana nayo zinangosiyana ndi mpanda wa udzu. M'menemo munkakhala atelala ndi akazi awo. Sanali abale athu, koma tinakula tikuwatcha bambo aang'ono ndi mayi aang'ono, ndipo mchere ukatha kwathu tinkangodutsa pa mpandapo. Atelalawo ndi amene anasoka diresi lobiriwira loti achemwali akavale tsikulo. Analimaliza Lamlungu, Lolemba n'kugonekedwa kuchipatala chifukwa cha chifuwa. Tonse tinkaganiza kuti ndi chifuwa cha nyengo yozizira chabe.

Lowerukalo kunacha kozizira, mtambo utaphimba phiri mpaka pakati. Achemwali ananyamuka m'mawa. Ine amayi anandiuza kuti ndipita ndikamaliza kuchapa. Cha m'ma 2 koloko masana bandi inayamba, ndipo popeza bwalolo lili pafupi ndi kwathu, ng'oma zinkamveka ngati zikulira kuseri kwa bafa. Ndinkayanika malaya omaliza, mapazi akuvina okha, pamene ndinamva kulira kuchokera kumsewu. Anali mayi aang'ono, azimayi awiri atawagwira mbali ndi mbali.

Amayi anatuluka m'nyumba akumanga chitenje.

"Thamanga ukaitane mkulu wako," anatero. "Bambo ako aang'ono atisiya. Abwere msanga, pakufunika madzi ndi nkhuni."

"Koma amayi, sanaimbe."

"Ndati thamanga."

Pamsewu ndinapeza abambo awiri achikulire a m'dera lathu akuthyola nthambi za mango. Kwathu masamba akagona pamsewu aliyense amadziwa kuti pali maliro. Wanjinga amatsika n'kuikankha, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, wailesi imatsekedwa. Palibe amene amakuuza, umangodziwa. Podutsa ndinamva mmodzi akuuza mnzake kuti, "Timalize kuika mbali inayo, kenako tipite tikawauze a kubwalo aja atseke."

Pamenepo ndinadziwa kuti bandi yatsala ndi mphindi zochepa. Ndinathamanga, koma sindinkadziwa ngati ndikuthamangira kukapereka uthenga kapena kukafika abambowo asanafike.

Bwalo linali litatchingidwa ndi mapepala akuda apulasitiki. Wapakhomo ankandidziwa, anangondikodola kuti ndilowe. M'katimo munali anthu ambiri kuposa amene ndinawaonapo pa mpira uliwonse. Oimba anaima pamwamba pa lole yotsegula m'mbali, zokuzira mawu zitasanjikizana uku ndi uku. Fumbi linali tolo. Akabaza anaimika njinga zawo m'mphepete n'kumavina atagwira zipewa, azimayi ogulitsa mandasi ankagwedeza mapewa atakhala pa mabeseni awo. Aka kanali koyamba kuti ndiime pafupi ndi bandi chonchi, ndipo sindinkadziwa kuti gitala ya besi umaimva m'chifuwa, osati m'makutu. Tsiku lina lililonse ndikanakuwa ndi chimwemwe.

Achemwali ndinawapeza kuseri kwa lole, atavala diresi lobiriwira lija, akupukuta manja m'kansalu.

"Wachedwa bwanji iwe? Tandiona kumbuyoku, zipi yatsekeka bwino?"

Anatembenuka. Ndinagwira zipiyo. Ulusi wake unali wowongoka bwino, monga mmene bambo aang'ono ankasokera nthawi zonse.

"Yatsekeka," ndinatero.

"Amayi akubwera?"

"Atanganidwa."

"Zatsala nyimbo ziwiri, kenako ine. Tagwira dzanja langa, usandisiye."

Munthu wina wa m'bandimo, amene ankakulunga mawaya pafupi nafe, anaseka. "Achemwali, mwaitana wodzakutolani mukakomoka? Kamtsikana aka sikangakunyamuleni."

"Mukomoka ndinu mukandimva," achemwali anayankha, ndipo anaseka koyamba tsiku limenelo.

Mawu a amayi anali m'kamwa mwanga. Ndinadziuza kuti ndinena nyimbo imene ikuimbidwayi ikatha. Itatha ndinadziuza kuti nyimbo ziwiri si nthawi yaitali, kuti bambo aang'ono apita kale ndipo mphindi khumi sizingawabweze, kuti madzi angathe kutunga ena. Zonsezi ndinaziganiza nditagwira dzanja la achemwali, maso anga ali kukhomo la bwalo.

Mtsogoleri wa bandi sanali pachangu. Nyimbo ija itatha anayamba kulonjera anthu.

"A ku Mbedza mulipo?"

Anthu anayankha.

"Sindikumva. A ku Mbedza mwadya koma? Nanga eni bwalo, a Likangala?"

Ndinkafuna kukwera pa lolepo ndi kumulanda chokuzira mawu. Kenako anayamba nyimbo yachiwiri, ndipo pakati pake anaiwala kuti nyimbo imatha. Anagwada ndi gitala yake, anaiika kumbuyo kwa mutu, anthu n'kumamukuwira kuti abwereze. Anabwerezadi.

Ndili chiyang'anire kukhomo, ndinaona mayi wina wa mumzere wa nyumba zathu, amene ankagulitsa mandasi. Mnzake anabwera n'kumunong'oneza. Mayiyo anaphimba beseni lake ndi nsalu, analisenza, ndipo potembenuka maso ake anakumana ndi anga. Anandiyang'ana, anayang'ana achemwali ndi diresi lawo, n'kutuluka. Pambuyo pake azimayi ena a kwathu anayamba kutuluka, mmodzimmodzi. Uthenga unali utalowa m'bwalo popanda ine. Achemwali sanaone chilichonse, anali atatsinzina akubwereza mawu a nyimbo yawo chapansipansi.

"Tsopano," anatero mtsogoleri uja, "tili ndi mwana wanu wa konkuno. Mukamuwombera m'manja timutenga. Mukangoti zii, timubweza kwa amayi ake akatsuke mbale."

Achemwali anasiya dzanja langa n'kukwera.

Mzere woyamba mawu awo ananjenjemera. Koma woimba ng'oma anawayang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo pa mzere wachiwiri mawu anakhazikika. Nyimbo imene ndinatopa nayo kukhitchini inasanduka ina. Mawu a achemwali anadzaza bwalo lonse, anakagunda khoma la sukulu ya kutsidya kwa bwalolo n'kubwerera. Atafika pamene mkazi uja akuwerenga ntchito zimene mwamuna wake sanagwire, azimayi analulutira, amuna akuseka n'kumalozana. Mtsogoleri anasiya kuonetsa luso lake, anabwerera m'mbuyo n'kumangowaperekeza. Ndaonapo mabandi ena kuchokera tsiku limenelo, koma palibe chimene ndinamvapo chokoma ngati mphindi ziwiri zimenezo, ndipo palibe mphindi zimene ndinachitapo mantha ngati zimenezo.

Abambo awiri aja anali atafika pakhomo. Analankhula ndi wapakhomo, iye anavula kapu yake. Abambowo sanathamange. Anayenda m'mphepete mwa mpanda, zipewa zili m'manja, akupatuka ovina mwaulemu. Ndinkawerenga mapazi awo ndi mizere ya nyimbo imene inatsala. Panatsala ndime imodzi ndi theka. Anafika pa munthu amene ankayang'anira makina a mawu, mmodzi anawerama n'kumuuza m'khutu. Munthuyo anayang'ana pa lole, anazengereza pang'ono, n'kutsitsa dzanja.

Zokuzira mawu zinazima. Ng'oma zinapitirira pang'ono zokha n'kuleka. Achemwali anaimba mawu atatu kapena anayi opanda chokuzira, mawu aang'ono ngati a kukhitchini kwathu, kenako anayang'ana chokuzira mawu chili m'manja mwawo ngati chawalakwira. M'kachetechete ameneyo kulira kwa azimayi kunamveka kuchokera kumbali ya kwathu.

Mtsogoleri anawerama kumvetsera abambo aja. Anavula chipewa chake n'kukweza mawu.

"Abale, pepani. Kwagwa zovuta pafupi pompano. Tilekeze pomwepa."

Palibe amene anadandaula. Anthu anayamba kutuluka mwakachetechete, akabaza akukankha njinga zawo.

Achemwali anatsika n'kubwera kwa ine. Nkhope yawo inali idakali yowala ndi thukuta.

"Ndani?"

"Bambo aang'ono."

Anagwira chitseko cha lole. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe wamva liti?"

Ndinayang'ana kumene anthu ankatulukira.

"Ndikukufunsa. Wamva liti?"

"Amayi anandituma kuti ndidzakuitaneni."

Anayang'ana diresi lawo. Anamasula chitenje chimene ndinamanga m'chiuno, anadzifunditsa nacho kuyambira m'mapewa, n'kuyamba kuyenda. Ndinawatsatira m'mbuyo. Tinadutsa masamba aja pamsewu.

Amayi anatichingamira pa mpanda, tisanalowe pamene panakhala azimayi. Analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mawu ako amveka mpaka m'nyumba muja," anauza achemwali. "Mayi ako aang'ono akulira mwamuna wawo, iwe uli pa lole ukuseka mwamuna. Aliyense pano wakuzindikira."

Achemwali anangowerama.

"Sanadziwe, amayi," ndinatero. "Ndine sindinawauze."

"Ndinakutuma chiyani?"

"Kukawaitana."

"Nanga unakachita chiyani?"

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati tikambirana maliro akatha, titenge zidebe.

Dzuwa lisanalowe, anthu a bandi aja anafika wapansi, atasiya zida zawo pa lole. Anakakhala pansi pamodzi ndi abambo ena, monga amachitira aliyense amene maliro amupeza m'dera. Pamene achemwali ankadutsa ndi chidebe, ine ndili pambuyo pawo, mtsogoleri anadzuka n'kuwatsatira pang'ono.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Theka limene ndamva lija landikwanira. Timayeserera Lachitatu."

"Ndili pa maliro," achemwali anayankha, osatula chidebe.

"Lachitatu linalo, ndiye. Tikudikirani."

Ndinayembekezera kuti achemwali anditembenukira, ngakhale pang'ono. Anangopitirira kukathira madzi mu mgolo.

Titaika maliro, amayi ananditenga kupita kwa mayi aang'ono. Anali atakhala pamphasa m'chipinda, makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu pakona. Ndinagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, kuti achemwali sanadziwe kanthu, kuti wolakwa ndine. Ndinali nditakonza mawuwo m'kope langa, koma anatuluka osalongosoka.

"Ndinaimva nyimboyo," anatero mayi aang'ono. "Ndinafuna kutseka makutu, koma azimayi anali atandigwira manja." Kenako anandiyang'ana. "Iwe unandiona ndikulowa pano ndikulira?"

"Ndinakuonani."

"N'kukaima kumeneko."

"Eee."

"Chabwino. Ndamva. Pita."

Sananene kuti andikhululukira, ndipo kwa miyezi ingapo ndikawapatsa moni ankangoyankha ndi mutu. Azimayi ena a mumzere wathu sanakhulupirire kuti achemwali sanadziwe. Ku mpopi ankasiya kulankhula iwo akafika. Zimenezi zinandipweteka kuposa mawu a amayi, chifukwa ndinalibe njira yopitira khomo ndi khomo kukafotokoza.

Achemwali anakhala masiku khumi osandilankhula, ngakhale tinkagona chipinda chimodzi. Lachitatu lija litafika, ndinawapeza masana akupesa tsitsi, nsapato zawo zabwino zili pakhomo. Ndinaima n'kumawayang'ana pagalasi.

"Ukanandiuza, sindikanakwera pa lole paja," anatero, osatembenuka.

"Ndinkadziwa."

"N'chifukwa chake sunandiuze."

"Eee."

Anapitiriza kupesa. Ndinkaganiza kuti athokoza, kapena andikalipira kuti zithe. Anaika chipeso pansi n'kuvala nsapato.

"Malo ndawapeza," anatero. "Koma usadzandisankhirenso. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

Anatuluka. Sanadutse njira yachidule ya pakhomo pa mayi aang'ono, anazungulira kuseri kwa nyumba yathu n'kukatulukira kumsewu wa ku Songani.