Ndinang'amba Kalata ya Boma

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene sukulu ya pulayimale inali itangokhala yaulere, pamene mtima wanga wapachala unandiputira tsoka loyamba. Mtima umenewu ndikadali nawo, akazi anga angakuuzeni, koma tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa mtengo wake.

Mayi anga anali atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Ndinkakhala ku Mtiya ndi mng'ono wawo, a Esinala, amene ndinkangowatcha amayi. Iwo ankadyera nkhuni: m'mawa kukwera phiri la Zomba, kutola nthambi za mapaini zimene ocheka matabwa asiya, kutsika ndi mtolo pamutu, n'kukagulitsa m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Bambo anga anatisiya ndisanayambe kuyenda, anapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu n'kukwatira komweko. Pamaliro sanabwere. Nkhope yawo sindinkaidziwa.

Lolemba lina nditangoweruka kusukulu ndinapeza pakhomo pali munthu wa jekete lalikulu, ataimirira ngakhale mpando unalipo. Anali a Dayisoni, mng'ono wa bambo anga.

"Alamu, sindinabwere kudzacheza," anatero. "Mwanayu achimwene akumufuna. Lachisanu ndidzamutenga."

"Atengedwa bwanji malume ake osadziwa?" anafunsa amayi. "Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi."

"Izo n'zakale. Pano ndi matipate, malamulo asintha. Werengani nokha."

Anatulutsa kalata mu envelopu ya khaki. Ankadziwa bwino kuti amayi sawerenga. Amayi anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero, kenako anandipatsa ine. Inali yotayipa, m'Chingelezi. Muyenera kumvetsa kuti pakhomo pathu kalata ya m'bale inkabwera yolemba pamanja. Pepala lotayipa linkachokera kuchipatala, kusukulu kapena kwa DC basi. Choncho lotayipa lililonse kwa ife linali boma. Ine wa Sitandade 5 Chingelezi changa chinali cha moni, koma ndinazindikira mawu onena za khoti, ena onena za apolisi, ndi dzina langa, Lameki, m'zilembo zikuluzikulu.

A Dayisoni anandigwira mkono n'kuufinya monga amachitira ogula mbuzi. "Wakula uyu. Fodya azikasoka bwino."

Ndinang'amba kalata ija pawiri, panayi, mpaka tizidutswa, n'kuwaponyera pansapato.

A Dayisoni sanakalipe n'komwe, ndipo chimenechi n'chimene chinandiopsa. Anangopukusa mutu.

"Mwaona, alamu? Wang'amba kalata ya boma. Tsopano si za ku Kasungu zokha ayi. Apolisi abwera."

Mwana wa ku Zomba sachita kuuzidwa kuti ndende n'chiyani. Tsiku ndi tsiku popita kusukulu tinkadutsa akaidi a zovala zoyera akutchetcha udzu m'mbali mwa msewu, woyang'anira ali pambuyo ndi mfuti. Ndinadziona ndili pamzere umenewo, kabudula woyera akundikhwepa.

Kutacha ndinavala yunifolomu ngati ndikupita kusukulu, koma ndinalunjika kuphiri. Ndinakwera njira ya otola nkhuni mpaka m'mapaini, kumene dzuwa silifika pansi. Kunali nkhungu, mphepo ikulowa m'mafupa, fungo la utomoni lili paliponse. Galimoto iliyonse yokwera msewu wa phiri ndinkaimva kuchokera kutali ikusintha magiya, ndipo iliyonse inali ya apolisi. Ndinkadzigwetsa kuseri kwa zipika, nkhope m'utuchi wonyowa, mpaka itadutsa. Anyani anandipeza ndikudya mabulosi akutchire, wamkulu wawo n'kukhala pamwala kundiyang'ana ngati akudziwa mlandu wanga. Sindibisa, ndinadzikodzera.

Amayi anandipeza dzuwa lili pamutu. Ocheka matabwa anawauza za mwana wa yunifolomu wobisala m'zipika. Ndinadikira mbama, koma sinabwere. Anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa kalata ija: anatola tizidutswa tonse, n'kutimata ndi phala pa chikuto cha kope langa lakale. Tina tinali chadodolido.

"Tiye tikapepese boma lisanatipeze," anatero. "A Kandulu atilembera."

A Kandulu anali mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki. Ankakhala pansi pa mtengo wa mbawa chakufupi ndi khoti, ndi katebulo, benchi, ndi taipi yakuda. Ofunsira ntchito, otsatira penshoni, okasuma, onse ankayamba akhala pa benchi lawo. M'tauni ankawatcha loya wa pansi pa mtengo. Tinadikira anthu atatu. Taipi inkalira ngati matalala pamalata, ine maso ali pa wapolisi amene anaima pakhonde la khoti tsidya la msewu.

Nthawi yathu itakwana amayi anagwada pambali pa tebulo, n'kufotokoza monong'ona. A Kandulu anayang'ana chomatamata chija nthawi yaitali.

"Wang'amba ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Sindikufuna kupita."

"Ndiye ukang'amba pepala, ulendo watha?" Anatembenukira kwa amayi. "Dzukani, mayi, khalani pa benchi. Kalata iyi ndinalemba ndine, Lachinayi lapitali, pa tebulo lomweli."

Anatsegula fayilo n'kusolola pepala lopyapyala la kaboni. Mawu ake anali omwewo, mzere ndi mzere.

"Kunabwera bambo wa jekete, ananena mawu ake, ine n'kuwaika m'Chingelezi. Dzina lili pansi apa ndi lake. Chidindo mukuchiona? Nambala ya mlandu ili pati? Ndiponso chisamani cha khoti sabweretsa mwini mlandu m'thumba la jekete, amabweretsa mesenjala. Muno akuti akupempha mwana, ndipo mukakana akadandaula kukhoti ndi kupolisi. Kupempha ndi kuopseza, basi. Palibe chimene chagamulidwa. Ankafuna ndilembe pamwamba kuti yachokera kukhoti, ndinakana, tinakangana anthu akuona."

Wina akanapumira m'mwamba. Ine ndinapsa mtima. Ndinakumbuka utuchi m'kamwa ndi kabudula wonyowa.

"Ndiye ndinu munalemba! Ndinu oipa! Mwatizunziranji?"

Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi. A Kandulu sanatekeseke.

"Musiyeni. Tamvera, mphwanga, ine ndimalembera aliyense wokhala pa benchi ili. Lachinayi anali bambo ako aang'ono, lero ndi amayi ako. Taipi ilibe m'bale."

Amayi, mantha atawachoka pang'ono, anasendera pafupi. "Ndiye tilembereni yathu, bambo, yoopsa kuposa iyi. Yonena kuti mwana sachoka. Muikepo ndi chidindo."

"Chidindo ndilibe. Mukadzaona munthu ali ndi chidindo pansi pa mtengo, mudzathawe."

"Chabwino, koma tiuzeni, inu mumadziwa malamulo. Mwanayu atengedwa?"

"Sindikudziwa."

Mawu amenewa anandimenya kuposa mbama. Mantha amene anali atachoka anabwerera, tsopano a ku Kasungu, a fodya, a nyumba ya mayi wondipeza amene sindinamuonepo.

"Anthu amanditcha loya, koma si ine loya," anapitiriza. "Ndikakuuzani kuti mupambana, mukakhala phee kunyumba, Lachisanu mwana n'kupita, mudzandipeza kuti? Bambo ake ali ndi mbali yawo, inu muli ndi yanu. Woyeza mbali ziwirizi ali m'nyumba iyo, osati pano. Chimene ndingachite ndi kuika dandaulo lanu papepala kuti lilowe pakhomo loyenera."

Analowetsa mapepala awiri ndi kaboni pakati, n'kuyamba kufunsa. Mayi a mwanayu anamwalira liti, akumudyetsa ndani, ali kalasi yanji, malume ake ali kuti. Amayi atatenthedwa anati alembenso kuti bambo anga ndi chidakwa chimene chimamenya ana.

"Munaona ndi maso anu?"

"Ndinamva."

"Ndiye sitilemba. Akakufunsani uko mudzasowa poponda."

Atamaliza anatiwerengera zonse m'Chichewa, chiganizo ndi chiganizo, kufunsa ngati ndi momwe amayi ananenera. Amayi anadinda chala. Kenako mkuluyo anaimirira, n'kutiperekeza mapazi owerengeka mpaka pamene mthunzi wa mbawa unathera.

"Khomo lachiwirilo, mufunse kalaliki wa khoti. Ine malire anga ndi mthunzi uno."

Msewu umenewo ndi waung'ono, koma sindinawolokepo waukulu kuposa umenewo. Tinadutsa pafupi penipeni ndi wapolisi uja, ine nditagwira chitenje cha amayi ngati kamwana. Sanandiyang'ane n'komwe, ankasenda nthochi. Kalaliki ataona kalata yomata ndi phala anaseka mpaka kuitana mnzake. Yathu anaiwerenga osaseka, anailemba m'buku lalikulu, n'kuimenya chidindo. Phokoso lake ndimalimvabe. Anatipatsa tsiku lodzabweranso.

Lachisanu a Dayisoni anabweradi, atanyamula kachikwama koikamo zovala zanga. Amayi anawaonetsa pepala lachidindo, osalisiya m'manja. "Werengani nokha, alamu." Anawerenga, anakanda m'mutu, n'kubwerera ndi kachikwama kawo.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Milungu itatu yodikira mlandu ndinaonda. M'kalasi aphunzitsi akalankhula ndinkangomva liwu la a Kandulu, sindikudziwa, sindikudziwa. Tsiku la mlandu malume anabwera kuchokera ku Malosa, ndipo bambo anga nawonso anabwera. Ndinawazindikira ndisanauzidwe, chifukwa mphumi yawo inali yanga. Anali munthu woonda, wa zala zakuda ndi fodya, ndipo sanali chilombo chimene ndinkayembekeza. Anauza khoti kuti manyazi a kusabwera pamaliro ndi amene anawachititsa kutuma mng'ono wawo. Majisitireti anamva onse, anandifunsanso ine, n'kugamula kuti ndikhale ndi amayi ndimalize sukulu, koma patchuthi ndizikaona bambo. Ndinapitako kawiri asanamwalire.

A Kandulu ndinadana nawo zaka zambiri. Ndikamadutsa pa mbawa paja popita kusekondale ndinkayang'ana kumbali. Mpaka lero pali chimodzi chimene sindinawakhululukire: munthu wozindikira ngati iwo ankadziwa kuti pepala lotayipa likafika m'manja mwa mayi wosawerenga limasanduka mfuti. Akanatha kufunsa kuti kalata ija ikupita kwa yani. Sanafunse.

Koma ndakula, ndaona anthu ena. Masiku ano mataipi anatha, makalata akutuluka m'makompyuta a m'mashopu, okongola kuposa a khoti lenileni. Ndaona anyamata a mataye akuzungulira pakhomo la khoti, akuuza amayi amasiye kuti musadandaule, nkhani yanu ndi yophweka, ndisiyireni. Amenewo sanena kuti sindikudziwa. Amadziwa zonse, mpaka tsiku limene mayi uja wataya munda, iwo foni yazima.

Mwezi watha mnansi wanga anabwera pakhomo ali ndi kalata yotayipa yomuuza kuti achoke pamalo pake pasanathe sabata. Magazi anandithamanga ngati kale, zala zinachita kuyabwa. Sindinaing'ambe. Ndinayang'ana pansi pake, ndinafufuza chidindo ndi nambala ya mlandu, ndinamufunsa amene anabweretsa. Panalibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo ndinamuuza choncho. Anandigwira dzanja.

"Ndiye achimwene, sindichoka eti?"

Pakamwa panga panali patadzaza kale mawu okoma, oti akagone tulo. Ndinawameza.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Valani nsapato, ndikuperekezeni kwa odziwa."