Timabotolo ta Ubongo ta Aneba Athu

Aneba athu kuno ku Kafue Estates, bambo amene anapuma ntchito ku fakitale ya feteleza, amakhulupirira timabotolo timene amaitanitsa pa intaneti. Amati ndi mapeputayidi, mankhwala onola ubongo. M'mawa uliwonse amadzipopera m'mphuno, kenako n'kuima pakhonde chifuwa chili patsogolo.

"Ba neba, mutu wanga manje uli shapu," amatero. Nditawafunsa ngati mankhwalawo anayesedwa mokwanira pa anthu, anaseka. "Pa makoswe yanasebenza. Nanga ine nikangiwe pamene khoswe anakwanisa?"

Chimene sanena n'chakuti timabotoloto timafunika kuzizira, ndipo malaiti akapita, akazi awo, amake Olipa, ndiwo amazungulira kufunafuna ayezi. Ndiwonso amawaikira makiyi poonekera, amawapatsa mapilitsi a BP m'manja, ndipo kutchalitchi amawanong'oneza mayina a anthu asanapereke moni.

Mwezi watha amake Olipa anapita ku Petauke kukadwazika mayi awo. Posakhalitsa aneba anaiwala mapilitsi, anapsereza mphika, anataya makiyi. Ndinawamva kuseri kwa mpanda akukalipa pafoni: "Amake Olipa, mankhwala yanga yaonongeka na kupya! Munanisiya bwanji wopanda ayezi? Bwerani!"

Anabweradi, kusiya mayi awo ali chigonere. Ndinawaona akutsika minibasi, chikwama kumutu, pulasitiki ya ayezi ikudontha m'manja.

Dzulo aneba anandikodola pakhonde, makiyi akulira m'thumba. "Mwaona, ba neba? Botolo yanyowani iyi ni yamphamvu."

Kumbuyo kwawo, amake Olipa anali atawerama, akukwechabe mphika uja.