Makutu a Azakhali Azolowera

Nthawi inali hafu pasiti sikisi m'mawa, ndipo Azakhali anali atakolopa kale theka la khonde la ofesi ya ofufuza za madzi. Aliyense pamalopo ankawaitana choncho, kuyambira alonda mpaka abwana. Anali atagwirapo zaka khumi ndi zinayi: kukolopa, kutsuka mabotolo a mu labu, kuphika tiyi. Panalinso ntchito zina zosalembedwa paliponse, monga kuthirira maluwa a abwana ndi kukumbutsa madokotala kuti adye.

Chaka chimenecho panawonjezeka ina. Kunabwera mphunzitsi wodzaphunzitsa ofufuzawo kulankhula ndi anthu wamba. Posakhalitsa anamupatsa dzina loti Bambo Mwachidule, poti mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Tsiku loyamba lomwelo anaona Azakhali akulowa ndi makapu.

"Eya, munthu wamba uja ndi ameneyu," anatero. "Mayi, takhalani apa. Aliyense azifotokoza kafukufuku wake kwa inu. Mukamva, ndiye kuti wakhoza."

Palibe anafunsa ngati munthu wambayo anali ndi zochita. Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse Azakhali ankakhala pampando wofewa maola awiri, manja ali pamiyendo, mabotolo akuwadikira mu sinki. Masiku amenewo ankaweruka anzawo onse atapita.

Poyamba mutu unkawawa. Wina ankaimirira n'kunena za kuchuluka kwa makolifomu pa mamililita handiredi, Azakhali n'kufunsa kuti, "Kolifomuyo ndi ndani, mwanangu?" Ankawafotokozera kuti ndi tizilombo ta m'zonyansa. Sabata yotsatira mawu omwewo ankabweranso, Azakhali n'kugwedeza mutu, popeza tsopano anali atawadziwa. Bambo Mwachidule ankawomba m'manja n'kulemba kuti ofufuza akupita patsogolo.

M'mawa umenewu Azakhali ankakolopa ngati simentiyo yawalakwira. Dzulo lake, dokotala wamng'ono wa magalasi, mtsikana amene ankayeza zitsime, anachititsa msonkhano m'dera lomwe Azakhali ankakhala. Chitsime cha kuseri kwa nyumba zawo chinapezeka ndi tizilombo. Mtsikanayo analankhula mphindi makumi anayi, Azakhali ali m'gulu la omvera. Madzulo ake Azakhali anapeza mapasa a aneba awo akumwa madzi a m'chitsime chomwecho, osawiritsa. Azakhali atayesa kuchenjeza, mayi wa anawo anaseka. "Adokotala sananene zimenezo. Kapena mopu wakupatsani digiri?"

Dokotalayo anatulukira pakhonde, chikwama chili paphewa, nkhope ili mwee.

"Azakhali, dzulo zinayenda, eti? Anawombatu m'manja."

"Anawomba chifukwa munamaliza. Musaponde apo, sipanaume."

"Koma poyeserera paja inu munamva zonse."

"Ine ndinamva, inde. Ndakhala pampando uja miyezi isanu ndi iwiri. Ngakhale ketulo ikanamva. Inu mukuyesa kuti mwaphunzira kulankhula, chonsecho ndine ndaphunzira kumva."

Mtsikanayo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera. "Ndinanenatu kuti madziwo ali ndi chiopsezo chachikulu."

"Mayi wina anandifunsa ngati chiopsezocho chimatha madzi akagona m'ndowa. Mukanangoti chimbudzi chikuthira m'chitsime, wiritsani madzi. Ndi mawu angati amenewo?"

"Sitinganene motsimikiza kuti ndi chimbudzi, Azakhali. Masampulo athu ndi ochepa."

"Ndiye nenani chomwe mukutsimikiza. Ana akumwatu, sakudikira masampulo."

Nkhaniyo inafika m'chipinda cha misonkhano tiyi asanazizire. Anagwirizana zoti dokotala wa magalasi uja akalankhulenso kudera lija Loweruka, koma ayambe wayeserera mawa lake. Bambo Mwachidule anazungulira tebulo kawiri, chala chili pamlomo, kenako anatembenuka ngati watola chinthu chamtengo.

"Mwachidule, mayiwa atha ntchito ngati munthu wamba. Tikufunika wina watsopano. Azakhali, mutipezere."

Azakhali anayang'ana madokotala asanu ndi mmodzi, galimoto ziwiri za ofesi zitaima panja, ndi mafoni ali mbwee patebulo. Anatola makapu imodziimodzi. Ali ku sinki anadzilumbirira kuti sapita kukagogoda pakhomo pa munthu. Asakeni okha anthu wambawo, si ndi ofufuza? Anatsuka mabotolo makumi atatu akunenabe zomwezo chamumtima.

Koma pobwerera kunyumba njira yawo inkadutsa pachitsime paja, ndipo anapeza ndowa zili pamzere ngati masiku onse. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anaima pampanda, chikwama chili m'khwapa. Amake mapasa ankanula zovala pachingwe, zopanira zili kukamwa.

"Aneba."

"Mwaweruka, adokotala?"

"Nyozani, ndazolowera. Mawa teni koloko mudzandipeze kuntchito. Kuli mpando wofewa ndi tiyi wamkaka, inu kwanu n'kumvetsera basi. Koma chonde, ulemu muusiye kuno. Pomwe simunamve muzinena kuti simunamve, ngakhale kakhumi, mpaka mtsikana uja anene zoti inuyo mungathe kukauza apongozi anu. Anawa mubwere nawo, ndikhala nawo ine pakhonde."