Opaleshoni ya bondo la amayi inathera pa foni

Mtima ukundiwawa, abale. Kampani ya inshuwalansi yawalanda amayi anga opaleshoni ya bondo, ndipo yawalanda pa foni, ine ndili ku ntchito.

Amayi ali ndi zaka 74. Anabwera kuno ku Perth malire asanatsekedwe chifukwa cha korona, ndipo mapepala awo atatheka boma linawapatsa khadi yobiriwira ija ya chipatala. Khadiyo imathandiza, sindikana. Koma bondo lawo lamanja linatheratu, mafupa amachita kukhulana, ndipo mzere wa opaleshoni ku chipatala cha boma ndi wautali ngati wa feteleza kwathu. Ndiye ndinawalembetsa inshuwalansi yowonjezera, yapamwamba yeniyeni, yolipira bondo ku chipatala cha pulayiveti. Anati poti matendawo ndi akale, tidikire miyezi khumi ndi iwiri. Tinadikira. Ine ndimasamalira okalamba, ndipo masiku amenewo tinkagwira mashifiti awiriawiri chifukwa anzathu ambiri anali chigonere ndi korona. Sindinaphonyepo kulipira.

Miyezi itakwana, dokotala anatipatsa tsiku. Amayi anaimba nyimbo za kutchalitchi m'galimoto njira yonse mpaka kunyumba ku Ellenbrook. Kutatsala sabata imodzi, a kuchipatala anandiimbira. Akuti inshuwalansi ya amayi silipira mabondo. Ndinaseka, ndimati asokoneza mayina.

Lolemba ndinapempha tchuthi, ulendo ku ofesi ya kampaniyo ku Cannington. Ndinafika 9 koloko, kuitanidwa 10:40. Mtsikana wa pa kauntala anasuzumira pa kompyuta n'kundiuza kuti amayi anatsika okha kuchoka pa yapamwamba kupita pa yotsika, miyezi itatu yapitayo. Okha? Amayi anga, amene ngakhale kusintha tchanelo pa TV amayamba apempha? Akuti eya, munthu wawo anawaimbira masana pa foni ya m'nyumba, ndipo zonse zinajambulidwa. Ndinati ndimve. Akuti ndilembe kalata ndidikire yankho. Ndinati pano sindichokapo. Mpamene anakaitana bwana wake, n'kudzandiwerengera zomwe zinakambidwa.

Tamvani ukadaulo wake. Wawoyo anawauza amayi kuti poti ali ndi khadi ya boma, akulipira kawiri pachabe. Kenako anafunsa amene amalipira. Atamva kuti ndi ine, anati kodi sangakonde kumupepukitsa mwana wawo pa nthawi yovuta ngati ino? Tandiuzani, ndi mayi uti wa kwathu amene angayankhe kuti ayi? Bwanayo akuti zonse zimene yotsikayo silipira, kuphatikizapo bondo, munthu wawoyo anawatchulira ndithu, ndipo amayi anavomera. Inde anavomera! Munthu akukuyankhula mwaulemu, Chingerezi cha m'mphuno chija, liwiro la mtondo wadooka, amayi angamudule pakamwa? Ankangoti yes, yes, monga anawalerera makolo awo.

Wina andifunsa kuti sindinaone bwanji kuti ndalama zodulidwa ku banki zachepa. Ndani ankaona za ku banki nthawi imeneyo? Ndinkafika n'kugona ndi yunifolomu. Kalata yonena za kusinthako akuti anatumiza pa imelo ya amayi, imene ndinawatsegulira ndine ndipo sanaigwirepo chiyambire.

Ndinapempha kuti abwezere momwe zinalili. Akuti masiku osinthira maganizo anadutsa kalekale. Kubwerera pa yapamwamba n'kotheka tsiku lomwelo, anatero mokoma, koma bondo lidikirenso miyezi ina khumi ndi iwiri. Nanga ku boma? Kumeneko maopaleshoni oti si angozi anaimitsidwa kaamba ka korona, mzere sukusuntha. Potuluka mtsikana uja anandifunsa ngati pali china chimene angandithandize. China? Choyambacho mwandithandiza liti?

Kunyumba ndinawafunsa amayi modekha, Mulungu ndi mboni. Anayang'ana pansi.

"Ndinkakuona ukufika uli wefuwefu, mapazi atatupa," anatero. "Ndinati ndikutuleko katundu, mwana wanga. Ndimadikira kuti udzazindikire wekha, udzasangalale."

Ndinalira ngati kamwana. Iwo sanalire, ndipo chiyambire tsiku limenelo sadandaulanso za bondo. Ndikawafunsa amati likupezako bwino, chonsecho akuyenda chogwira khoma.

Inu a kampani, ndiyankheni. Munali ndi nambala yanga, ndalama mumadula kwa ine. Munaimbiranji nkhalamba ili yokha m'nyumba? Pa kompyuta yanu pomwepo simunaone kuti kwatsala pang'ono kuti kudikira kuthe? Kapena munaona, n'chifukwa chake munaimba? Ndakasuma ku ofesi yomva madandaulo, ndipo sindisiya. Abale amene muli ndi makolo kuno, auzeni lero lomwe kuti wa inshuwalansi akaimba asavomere kanthu, angoti muimbire mwana wanga. Ulemu wathuwu anthu ena akudyerapo.

Dzulo ndafika madzulo, nyumba ili zii. Ndawapeza atakhala pansi m'bafa, atatsamira chitseko, miyendo itazizira. Anagwa m'mawa ndithu. Foni ya m'manja inali m'thumba la diresi lawo, chaji chodzadza.

"Amayi, osandiimbira bwanji?"

"Ndakuvutitsa kale mokwanira," anatero. "Ndimati ndidzuka ndekha usanafike."