Chikwama cha ababa

Fungo la nsalu yatsopano ya melekano, isanalawe madzi, limandibwezera pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Ulongwe, chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Pakhondepo pankakhala telala wachiyao, Che Bwanali, akupalasa makina ake ndi phazi limodzi, mapini ali kukamwa. Zidutswa za nsalu zinkagwera pansi pa tebulo lake, ndipo Loweruka amayi ankandituma kukazitola. Ndinkapita ndi mazira awiri kapena chinangwa, n'kubwerera kwathu kwa Kalembo ndi kamtolo ka kaki, biriwita ndi tinsalu tamaluwa totsala pa madiresi a akazi a amesinjala. Nkhondo yaikulu inali itangotha kumene. Nsalu inali yosowa, moti ngakhale kachigamba kosakwana chikhatho sikankatayidwa.

Amayi anaphunzira kusoka kwa masisitere ku mishoni asanakwatiwe, ndipo sanagulitsepo kanthu. Ankasoka chifukwa manja awo sankadziwa kukhala chete. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mphepo yachisanu itayamba kuwaza mapesi m'minda, ankatsitsa kachitini ka tiyi momwe munkakhala singano ziwiri, sizasi yolimba kutsegula ndi kachibulu ka phula kopakira ulusi. Ulusiwo ankachita kusolola ku matumba akale. Khanda likabadwa m'mudzi linkalandira kachipewa, mtsikana wokwatiwa ankalandira chofunda cha zigamba, azigogo a ku tchalitchi timatumba tosungiramo korona. Azakhali ankawaseka kuti amakwatitsa nsanza ndi nsanza inzake, koma chisanu chikafika anali oyamba kubwera kudzabwereka.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Mposa, kutsidya kwa Shire, ndipo makolo awo anachokera kwa Apwitikizi. Anali munthu wosayankhulayankhula, wokonda kuluka madengu ali yekha, ndipo akakhumudwa ankang'ung'udza Chilomwe chimene palibe ankachimva pamudzi pathu. Munda, malo a nyumba, mitengo ya mango, ngakhale ifeyo ana, zonse zinali za mbumba ya amayi, ndipo mwinimbumba anali amalume aakulu, a Petulo. Chaka chimenecho nguluwe zinatha theka la munda wathu. Amalume, atalawa mowa wamasese, ananena mokweza kuti pali akamwini ena odziwa kudzaza nyumba ndi ana koma osadziwa kudzaza nkhokwe. Ababa anamva, poti anali pomwepo, ndipo anapitiriza kung'amba nsungwi.

Nthawi imeneyo anali atakhala m'kalasi ya ubatizo zaka zitatu, ndipo anali oti abatizidwa mwezi wa Ogasiti. Katekisimu wawo ankayenda naye m'malaya, pamimba, moti chikuto chake chinada ndi thukuta. Amayi anaganiza zowasokera chikwama, choti adzawapatse m'mawa wa tsiku la ubatizolo. Anandiitana kuseri kwa nkhokwe n'kundigwira khutu.

"Veronika, ukangowauza ababa ako, pakamwa pakopo ndipasoka ndi singano yomweyi."

Ndinalumbira. Kwa milungu isanu, ababa akangotsikira kudimba, ife tinkayala mphasa kuseri kwa nkhokwe kumene dzuwa linkafika msanga. Ntchito yanga inali kulowetsa ulusi m'singano ndi kuyang'anira njira ya kudimba. Kunja kwa chikwama amayi anaika kaki wokhayokha, zigamba khumi ndi ziwiri zosiyana kuwala kwake, poti mwamuna sangayende ndi maluwa. M'kati anayalamo melekano. Lamba wake anamupinda kanayi n'kumusoka mizere itatu, singano ikuwabaya chala, iwo akuyamwa magazi n'kupitiriza. Batani linali lamkuwa, lochoka pa jekete la msilikali wina amene anabwera ku nkhondo. Chikwamacho chinkakula ine ndikuona, ndipo madzulo ababa akamadya ndinkachita kuluma milomo kuti mawu asathawe.

Chinatha Lachinayi lina dzuwa lili pamutu. Amayi anafuna kuona ngati chikukwana, choncho analowa m'nyumba n'kulongedzamo katekisimu amene ababa anamusiya m'nyumba tsikulo, malaya awo oyera, lumo lawo lometera ndi kagalasi kawo kosweka pakona. Zonse zinalowa bwinobwino, batani n'kutsekeka. Asanatulutsemo, kunja kunamveka mawu a Abiti Saidi, anansi athu, akuti mwana wawo wayamba kudwala ndipo mutu wa khanda ukuoneka kale. Amayi anaponya chikwama pamphasa n'kuthamanga, akumanga nsalu m'njira.

Ine ndinachitola. M'nyumba munali mdima, ndipo ndinkafuna kuona mmene batani lija linkawalira padzuwa. Ndinachikoleka paphewa, chikundimenya m'mawondo, ndinazungulira nacho bwalo kawiri, kenaka anzanga anandiitana ku phada. Ndinachiimika pakhonde, pambali pa chitseko, mwaulemu ndithu, kuti chisagwe.

Kwathu kuno, masiku amenewo, mkazi akatopa ndi mwamuna sankachulutsa mawu. Ankasonkhanitsa katundu wa mwamunayo n'kumuika panja pa chitseko, ndipo mkamwini wodzilemekeza ankanyamula n'kuona msewu anthu asanasonkhane. Akulu onse ankadziwa zimenezi. Ine ndinkadziwa phada.

Ababa anabwera msanga tsiku limenelo, khasu lili paphewa, miyendo ili matope okhaokha. Ndinawaona ataima pakhonde nthawi yaitali. Anatsegula batani, anasuzumiramo, anatsekanso. Kenaka anandikodola.

"Zimenezi walongedza ndani?"

"Amayi."

"Amayi ako eni ake? Osati amalume ako?"

"Iyayi, amayi. Asoka okha. Ayamba kalekale, tisanamalize kukolola mawere. Anati ndisakuuzeni mpaka tsiku lake litakwana."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatsamiritsa khasu kukhoma, anasamba miyendo ndi madzi a mumtsuko wapanja, anakoleka chikwama paphewa. Chinawakhala bwino zedi. Anandisisita kumutu, zimene sankachita kawirikawiri, n'kulowera njira ya ku Liwonde. Ndinabwerera ku phada ndili wonyada, ndikuuza anzanga kuti ababa achikonda chikwama mpaka apita kukachionetsa kwa anthu.

Amayi anabwera dzuwa litapendeka, akununkha utsi ndi mankhwala a azamba, akuseka kuti kwabadwa mwamuna. Nditawafotokozera, kuseka kuja kunazima. Anandifunsa kawiri pamene ndinaika chikwamacho, ndipo ndinawalozera malo ake enieni. Anakhala pansi pomwepo, padothi, miyendo atatambasula. Sanandimenye, ndipo ndinayamba kuopa chifukwa cha kusandimenyako.

Ankafuna kuwatsatira okha, koma azakhali anawaletsa, akuti mkazi sathamangira mwamuna, imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe. Amalume a Petulo anati amene wapita yekha abwere yekha. Panapita masiku anayi amayi akuchonderera, mpaka amalume aang'ono, a Lukasi, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anavomera kuwoloka Shire pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo. Ife tinatsala tikudikira. Mpiru kudimba unafota, dengu limene ababa ankaluka linakhala pakhonde lopanda mkombero, ndipo kachitini ka tiyi sikanatsikenso pamwamba pa khoma. Tsiku la ubatizo linafika. Tinapita ku mishoni, wansembe anaitana dzina la ababa kawiri, ndipo anthu anatembenuka kutiyang'ana. Amayi anayang'ana kutsogolo mpaka Misa inatha.

Ababa anabwera patatha milungu itatu, ali ndi mkulu wawo, chikwama chili paphewa. Nkhani inakambidwa pansi pa mango, ife ana tikumvetsera kuseri kwa mpanda. Mphunzitsi anafotokoza zonse mwadongosolo, a Lukasi n'kuwonjezera moseka kuti safunsa anadya phula.

"Ndinafunsa," anatero ababa. "Ndinafunsa mwana, poti mwana sanama."

Amayi, amene sankayenera kuyankhula asanapatsidwe mpata, anayankha ali chiweramire. "Abambo a Veronika, ndikanafuna kukuchotsani ndikanakumangirani katundu m'chiguduli. Ndani amabaya zala milungu isanu chifukwa cha munthu amene sakumufuna?"

Anthu anaseka, ngakhale amalume a Petulo anaseka, ndipo anaphetsa nkhuku. Ababa analowanso m'nyumba, anamaliza dengu lija, ndipo anabatizidwa chaka chotsatira. M'mudzi nkhaniyi inasanduka nthabwala. Mwamuna akavuta, mkazi wake ankati apita kukabwereka singano kwa amake Veronika.

Chikwamacho ababa anachikoleka pa msomali pafupi ndi chitseko, ndipo chinakhala pamenepo zaka makumi awiri. Malaya oyera akachapidwa ankawapinda n'kuwabwezera momwemo. Akameta ndevu, lumo ndi kagalasi zinkabwerera momwemo, batani n'kutseka. Ndili mwana ndinkaona ngati amachikonda kwambiri, moti zinthu zawo zabwino sangazisunge pena, ndipo ndinkadzitama kuti ulusi wake ndinalowetsa ndine. Nditakula, nditaona mwamuna wanga akumanga nyumba pa malo a amayi anga, ndinazindikira kuti ababa anawakhulupirira amayi tsiku lija pansi pa mango, koma zimene anaona pakhonde sanathe kuziiwala: katundu wawo yense pamudzi pathu ankakwana m'chikwama chimodzi, ndipo anakhala ali olongedza mpaka imfa. Ndikhulupirira kuti amayi ankadziwa. Anasokabe mpaka maso anafooka, zipewa za makanda ndi zofunda zikuluzikulu zolemera, koma chikwama sanasokerenso munthu aliyense.